Mankhwala Opha Ululu Si Mchere Wopemphana

Kuno ku Angonia kugawana timakudziwa. Mchere ukatha timakapempha kwa anzathu, moto ukazima timakapala khomo lina, khasu likaguluka timabwereka. Limeneli ndi khalidwe labwino lomwe makolo athu anatisiyira, ndipo ndi lomwe limatisunga m'miyezi ya njala. Koma pali chinthu chimodzi chomwe tachilowetsa m'khalidwe limeneli pamene sichiyenera kukhalamo. Ndikunena mankhwala opha ululu amene munthu amalemberedwa kuchipatala.

Pa mauthenga omwe omvera amatumiza ku pologalamu ya zaumoyo, mafunso okhudza mankhwalawa sasowa. Wina afunsa ngati angamwe mapiritsi omwe anatsala pamene akazi awo anachitidwa opaleshoni. Wina afunsa ngati angaphatikize a ku Ulongwe ndi a ku Dedza kuti msana usiye msanga. Yankho langa pa mafunso onsewa ndi limodzi. Mankhwala olembedwa ndi dokotala ali ndi mwini wake mmodzi, mlingo wake ndi nthawi yake. Akachoka m'manja mwa mwini wakeyo, kapena akaphatikizidwa ndi ena omwe dokotala sakuwadziwa, amatha kupweteka munthu kuposa matenda omwe amafuna kuchiza. Ife okhala m'malire tiyenera kusamala kuposa ena, chifukwa timalandira mankhwala kuchokera mbali ziwiri, olembedwa m'zilankhulo ziwiri.

Ululu si bodza

Anthu athu samwa mankhwalawa chifukwa cha chibwana ayi. Amene wakhala tsiku lonse akupanga mizere, kubandira chimanga kapena kukumba mbatata ya kachewere amadziwa mmene msana umayankhulira madzulo. Amene amakankha njinga yonyamula matumba awiri pa chitunda amadziwa mmene mawondo amalirira. Ikafika Juni ndi Julaye, mphepo ya ku phiri la Domwe ikamawomba, agogo athu amabuula ndi nyamakazi usiku wonse. Munthu wotere amafuna chithandizo lero lomwe, pakuti munda sudikira munthu. Choncho sindikunena kuti tizingopirira. Ululu uyenera kuchizidwa, ndipo munthu amene akumva kuwawa ali ndi ufulu wopempha chithandizo.

Komabe tikumbukire kuti ululu uli ngati galu amene akuuwa usiku. Ukamuthamangitsa osatuluka kukaona chomwe akuuwa, wakuba amamasula mbuzi mwaufulu. Mutu wopweteka pamodzi ndi kutentha thupi ukhoza kukhala malungo, ndipo malungo safa ndi panado. Mayi woyembekezera amene mutu ukumupweteka kwambiri, nkhope ndi manja zitatupa, akhoza kukhala kuti magazi akuthamanga moopsa. M'mimba mopweteka mosalekeza mukhoza kukhala vuto lofunika opaleshoni. N'chifukwa chake dokotala amayamba wafunsa ndi kuyeza asanalembe pepala.

Magulu atatu a mankhwalawa

Ambiri timangoti "mankhwala a mutu" kapena "a msana" ngati onse ndi amodzi. Koma amene timakumana nawo kawirikawiri ali m'magulu atatu, ndipo gulu lililonse lili ndi chiwalo chake chomwe limapweteka likachuluka m'thupi.

Gulu loyamba ndi paracetamol, amene ambiri timati panado. Amathandiza mutu, kutentha thupi ndi ululu wocheperapo. Munthu wamkulu asapyole magalamu 4 pa maola 24, kutanthauza mapiritsi 8 a 500 mg, ndipo pakati pa kumwa ndi kumwanso pazipita maola osachepera 4. Kwa munthu wowonda, wosakwana makilogalamu 50, kapena amene amamwa mowa kwambiri, mlingo umakhala wocheperapo. Paracetamol akachuluka amawononga chiwindi. Choopsa chake n'chakuti tsiku loyamba munthu amaoneka ngati ali bwinobwino, kenako pakapita masiku awiri kapena atatu maso amayamba chikasu, chiwindi chitawonongeka kale.

Gulu lachiwiri ndi la mankhwala ochepetsa kutupa. Muli ibuprofen amene timati brufen, indometacin amene timati indosidi, diclofenac ndi aspirin. Amathandiza kwambiri mafupa, mano ndi zotupa. Koma amakanda m'mimba mpaka kuyambitsa zilonda ndi kutaya magazi, amalemetsa impso, amakweza kuthamanga kwa magazi, ndipo kwa anthu ena amadzutsa mphumu. Amenewa amamwedwa munthu atadya, kwa masiku ochepa, ndipo awiri a m'gulu limeneli samwedwa pamodzi.

Gulu lachitatu ndi la mankhwala amphamvu amene amagwira ntchito mu ubongo: codeine, tramadol ndi morphine. Amaperekedwa pa ululu waukulu monga wa fupa lothyoka, wa opaleshoni kapena wa khansa. Amabweretsa tulo, chizungulire, nseru ndi kudzimbidwa. Akachuluka amachedwetsa kupuma mpaka munthu kuleka kupuma ali m'tulo. Tramadol amathanso kugwetsa munthu ngati wakhunyu. Kapisozi wamba wa tramadol amakhala wa 50 mg, ndipo munthu wamkulu sayenera kumwa oposa 400 mg pa tsiku. Gulu limeneli siliyenera kufika m'manja mwa munthu popanda pepala la dokotala.

Mankhwala amodzi, mayina awiri

Vuto lathu la m'malire lili apa. Pa nthawi ya nkhondo mabanja ambiri a kuno anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992 ena anabwerera, ena anatsala. Lero pafupifupi banja lililonse lili ndi abale mbali zonse ziwiri. Timadutsa pa Kalomwe, timagulitsa ndi kugula pa Lizulu pomwe malire ndi msewu chabe. Tikadwala timapita komwe kuli pafupi, kapena komwe tamva kuti mankhwala alipo. Palibe cholakwa pamenepo. Cholakwa chimabwera pamene dokotala wa mbali ino sakudziwa zomwe wa mbali inayo analemba.

Tiyerekeze bambo amene bondo latupa. Lolemba apita kuchipatala cha kuno, ndipo pa pepala lomwe pa Chipwitikizi amati receita awalembera ibuprofeno. Lachinayi ali kwa achemwali awo ku Dedza, bondo silinasiye, apita kuchipatala osanena kuti akumwa kale mankhwala, ndipo m'buku lawo la kuchipatala awalembera diclofenac. Pobwerera agula indosidi pamsika chifukwa mnzawo anati ndiye wamphamvu. Bamboyu akuganiza kuti ali ndi mankhwala atatu osiyana amene athandizane. Zoona zake n'zakuti akumwa gulu limodzi katatu. Ululu suchepa katatu ayi, koma m'mimba ndi impso ndi zomwe zimalandira katundu yense.

N'chimodzimodzi ndi paracetamol. Amene walandira paracetamol kuchipatala n'kukagula panado pa okala akumwa chinthu chimodzi kawiri. Mankhwala ambiri a chimfine alinso ndi paracetamol m'kati mwake. Munthu amatha kupyola mapiritsi 8 aja osadziwa, iye akuwerenga a m'kathumba kamodzi kokha.

Mankhwala ake a vuto limeneli ndi osavuta ndipo salira ndalama. Popita kuchipatala chilichonse, kaya ndi ku Ulongwe, ku Domwe, ku Lifidzi kapena ku Dedza, tengani timapaketi tonse ta mankhwala omwe mukumwa, pamodzi ndi mapepala ake. Ikani zonse patebulo, ngakhale zogula pamsika ndi zitsamba za kwa asing'anga. Musachite manyazi kuti adziwa zoti munapita mbali inayo. Dokotala amene waona zonse amalemba zoyenera. Amene mwamubisira amalemba ali mumdima.

Chifukwa chomwe sitigawana

Dokotala akamalemba mankhwala amayang'ana msinkhu wa munthu, kulemera kwake, matenda ena omwe ali nawo ndi mankhwala ena omwe akumwa. Mnzanu wokupatsani mapiritsi pakhonde sangadziwe zonsezi, ngakhale atakukondani chotani.

Taonani ena mwa anthu omwe tingawapweteke ndi chifundo chathu. Mayi woyembekezera sayenera kumwa brufen, diclofenac kapena indosidi popanda dokotala. Mu 2020 bungwe loona za mankhwala ku America, la FDA, linachenjeza kuti kuyambira masabata 20 a mimba mankhwalawa amatha kusokoneza impso za mwana wosabadwa, madzi a m'chiberekero n'kuchepa. Ndipo mimba ya masabata 20 si onse amene amaizindikira pa mayi wovala chitenje. Bungwe lomwelo mu 2017 linaletsa kupatsa codeine ndi tramadol ana osakwana zaka 12, ndipo linalangiza kuti amayi oyamwitsa asamwe mankhwalawa chifukwa amadutsa mu mkaka n'kuchititsa khanda kugona mopitirira ndi kupuma movutikira. Kudula piritsi la munthu wamkulu pakati sikulisandutsa la mwana.

Palinso abale athu amene akumwa ma ARV. Mankhwala ambiri a ma ARV ali ndi tenofovir, amene amatuluka m'thupi kudzera mu impso, choncho kuwonjezerapo diclofenac kapena indosidi tsiku ndi tsiku n'kusenzetsa impso katundu wawiri. Amene amalandira amitriptyline chifukwa cha kutentha kwa mapazi, akamwa tramadol wa mnzake, mpata wogwa ngati wakhunyu umakula. Odwala shuga, odwala kuthamanga kwa magazi ndi okalamba impso zawo zimakhala zofooka kale. Ambiri mwa matenda amenewa anthu salengeza pabwalo. Amene mukumupatsa piritsi akhoza kukhala ndi chinsinsi chomwe sanakuuzeni, ndipo ndi ufulu wake kutero.

Ndiye mnzanu akabwera akubuula kudzapempha otsala anu, chifundo chenicheni n'kumubwereka njinga, kumuperekeza, kapena kumuthandiza ndalama ya kabaza. Kukana kumupatsa mapiritsi si kuuma mtima.

Mlingo ndi nthawi

Pa mapepala a kuno kawirikawiri amalemba 8/8h kapena 12/12h. Kulemba 8/8h kukutanthauza kumwa pakapita maola 8, ndiye kuti katatu pa tsiku: mwachitsanzo 6 koloko m'mawa, 2 koloko masana ndi 10 koloko usiku. Kulemba 12/12h ndi kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo. Ku Malawi amakonda kulemba tds pa katatu ndi bd pa kawiri, ndipo pa timatumba tina pamakhala zithunzi za dzuwa ndi mwezi. Katatu pa tsiku sikutanthauza mapiritsi atatu nthawi imodzi m'mawa kuti tisavutike kunyamula kumunda.

Musachoke pa windo la mankhwala musanamve zinthu izi: dzina la mankhwala, angati nthawi imodzi, kangati pa tsiku, kwa masiku angati, komanso ngati amafuna chakudya. Ngati simunamve, funsaninso, ndipo bwerezani zomwe mwamva kuti wopereka mankhwalayo akutsimikizireni. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ngati simudziwa kuwerenga, mwana wa sukulu akulembereni nthawi pa kapepala, kapena akutchereni belu pa foni.

Mukaiwala kumwa, musamwe awiri nthawi imodzi pofuna kubweza. Ululu ukapanda kusiya, musawonjezere nokha mlingo. Bwererani kuchipatala mukanene. Mwina mankhwalawo ndi osayenera, mwina matenda asintha. Mapiritsi ena a tramadol ndi a morphine anapangidwa kuti azisungunuka pang'onopang'ono m'thupi kwa maola ambiri. Oterewa satafunidwa kapena kuphwanyidwa, chifukwa mphamvu yonse imalowa nthawi imodzi. Ndipo amene wamwa tramadol, codeine kapena morphine kwa masabata angapo asasiye mwadzidzidzi. Thupi limakhala litazolowera, ndipo akasiya tsiku limodzi amatuluka thukuta, kunjenjemera, kutsegula m'mimba ndi kusowa tulo. Dokotala ndi amene amatsitsa mlingo pang'onopang'ono.

Sungani mankhwala m'kapaketi kake, pamalo ouma, okwera, pomwe ana sangafike. Kapisozi wa mitundu yowala kwa mwana ndi switi. Otsala abwezeni kuchipatala, musawasungire matenda a chaka chamawa.

Mowa ndi mankhwalawa sayendera limodzi

Apa ndikupempha abambo athu ndi achimwene anga kuti mumve bwino. Kachasu amagonetsa ubongo. Tramadol, codeine ndi morphine nawonso amagonetsa ubongo. Zikakumana, mbali ya ubongo yomwe imayendetsa kupuma imagona nayo. Anthu amangoti waledzera, musiyeni agone, pamene munthuyo akuleka kupuma pang'onopang'ono. Mapiritsi ogonetsa monga diazepam amachita chimodzimodzi akaphatikizidwa ndi gulu limeneli. Mowa ndi paracetamol zimathandizana kuwononga chiwindi, ndipo mowa ndi brufen kapena indosidi zimathandizana kuboola m'mimba. Ngati mukumwa mankhwala a ululu, masese ndi kachasu zidikire kaye.

Anyamata a kabaza, wa njinga yakapalasa kapena yamoto, dziwani kuti mankhwala a gulu lachitatu amachedwetsa maso ndi manja. Kunyamula munthu mutamwa tramadol n'kuika moyo wa anthu awiri pa ngozi.

Zomwe zinachitikira anzathu

Pali bodza lomwe limayenda pakati pa achinyamata loti tramadol amapatsa mphamvu zogwirira ganyu osatopa, ena amati amathandizanso kuchipinda. Bodza limeneli lawononga kale achinyamata ambiri ku Nigeria, ku Ghana ndi ku Egypt. Kumeneko ozembetsa anadzaza misika ndi mapiritsi a tramadol a 225 mg, pamene kapisozi wa kuchipatala ndi wa 50 mg. Awiri okha a mapiritsi amenewo ndi 450 mg, kupyola kale mlingo wa tsiku lonse. Munthu amayamba ndi limodzi kuti alime munda waukulu. Pakapita miyezi, limodzi silikwananso, ndipo tsiku lomwe sanamwe sangathe n'kudzuka komwe. Ndalama ya ganyu yonse imathera kwa wogulitsa.

Mu 2018 wailesi ya BBC inaonetsa mmene achinyamata a ku Nigeria ankamwera mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine ngati chakumwa, ndipo boma la dzikolo linaletsa kupanga ndi kuitanitsa mankhwalawo chaka chomwecho. Abale athu amene anakhalako ku Zimbabwe amadziwa za bronco, mankhwala a chifuwa a mtundu womwewo amene asokoneza anyamata ambiri ku Harare. Ku America, dziko la zipatala zapamwamba, anthu oposa 100,000 anafa mu 2021 chifukwa chomwa mankhwala mopyola mlingo, ambiri mwa iwo ndi mankhwala a m'gulu lomweli, ndipo vutoli linayambira pa mapiritsi a ululu olembedwa mosasamala. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mukaona kuti mukumwa mankhwala pamene ululu unatha kale, mukuwonjezera mlingo nokha, kapena mukuzungulira zipatala ndi misika kuwafunafuna, dziwani kuti chibaba chayamba. Amenewa ndi matenda, ndipo amachizika. Kanenani kuchipatala msanga.

Nanga chipatala chikatalika?

Ndikudziwa zomwe ena akuyankha pamene akuwerenga. Akuti: "Iwe mwana, ukuyankhula chifukwa uli pafupi ndi Vila. Ife chipatala chili kutali, kabaza ndi ndalama, ukafika upeza mzere, mwina n'kukuuza kuti mankhwala atha. Wa pamsika ali pompano, amayankhula Chichewa, ndipo amagulitsa ngakhale piritsi limodzi." Mawu amenewa ndi oona ndipo sindiwatsutsa. Boma lili ndi udindo woonetsetsa kuti zipatala za kumidzi zili ndi mankhwala, ndipo ife pa wailesi tipitiriza kufunsa za nkhani imeneyi.

Koma tiyeni tione chomwe timagula pa mphasa paja. Mapiritsi akhala padzuwa tsiku lonse, achotsedwa m'bokosi lake, tsiku lothera ntchito silikuoneka. Mu 2017 bungwe loona za umoyo padziko lonse, lomwe kuno timati OMS ndipo ku Malawi amati WHO, linapeza kuti mwa mankhwala 10 alionse m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene, amodzi amakhala achinyengo kapena osafika pa muyezo. Piritsi lotere likhoza kukhala ufa chabe, kapena kukhala ndi mphamvu yoposa yolembedwa. Wogulitsayo sanaphunzire za impso kapena za mimba. Iye amapindula mukagula ambiri. Mayiko onse awiri ali ndi mabungwe oyang'anira mankhwala, ANARME kuno ku Mozambique ndi PMRA ku Malawi, ndipo malamulo a mbali zonse salola kugulitsa mankhwala otere popanda chilolezo.

Tiwerengenso ndalama. Ulendo umodzi wa kabaza ndi wodula, inde. Koma munthu akayamba kusanza magazi pakati pa usiku, banja limagulitsa mbuzi kapena matumba a chimanga kuti lipeze galimoto, wina n'kusiya munda kukakhala naye kuchipatala. Chotchipa chija chimadzakhala chodula. Ngati pakhomo palibe china, paracetamol wogula malo ovomerezeka, pa mlingo wake, angakufikitseni m'mawa. Ululu ukapitirira masiku atatu, nyamukani.

Morphine si chizindikiro cha imfa

Ndikachenjeza chonchi, wina angaganize kuti mankhwala amphamvu onse ndi oipa. Ayi. M'midzi mwathu muli amayi amene akuvutika ndi khansa ya khomo la chiberekero, yomwe ndi khansa yofala kwambiri pakati pa amayi m'dziko muno. Muli ena a zilonda zosapola ndi matenda ena aakulu. Ena mwa iwo dokotala akawalembera morphine, achibale amabisa botolo poopa kuti ndi mankhwala omalizitsa munthu. Kumeneko n'kumulanga wodwala popanda chifukwa.

Mu 1986 OMS inatulutsa ndondomeko yochizira ululu wa khansa ya masitepe atatu: kuyamba ndi mankhwala ofooka, kenako apakati, kenako morphine, omwedwa pakamwa ndiponso pa nthawi yake yoikika, osadikira kuti wodwala ayambe kulira. Ku Uganda, Dr Anne Merriman anayambitsa bungwe la Hospice Africa Uganda mu 1993, ndipo anaonetsa kuti morphine wamadzi, wotchipa, angathe kumwedwa bwino ndi odwala ali kunyumba kwawo kumudzi. Morphine womwedwa pa mlingo wa dokotala amalola wodwala kugona, kudya ndi kucheza ndi ana ake. Kafukufuku wa magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2017 anaonetsa kuti theka losauka la anthu a padziko lapansi linkalandira pafupifupi gawo limodzi lokha mwa magawo 100 a mankhwala a mtundu wa morphine. Choncho mwa ife, amene akufunikadi mankhwalawa nthawi zambiri sawapeza, pamene ena osawafunikira akuwasaka pamsika. Wodwala amene wapatsidwa morphine muthandizeni kumwa pa nthawi yake, mumupatse madzi ambiri, masamba ndi zipatso, ndipo mupemphe mankhwala ofewetsa m'mimba chifukwa kudzimbidwa kumabwera ndithu. Botolo limenelo ndi lake yekha.

Zizindikiro zothamangira nazo kuchipatala

Ngati munthu amene wamwa tramadol, codeine kapena morphine akugona osadzutsika, akupuma mochedwa kapena kuliza mkonono wachilendo, milomo yasintha mtundu, kapena kadontho kakuda ka m'diso kachepa ngati kansonga ka singano, imeneyo ndi ngozi. Mugonekeni cham'mbali, musamumwetse mkaka kapena madzi, musamusanzitse. Pezani choyendera msanga ndipo tengani mapaketi a zonse zomwe wamwa. Alipo mankhwala otchedwa naloxone amene amabweza mphamvu ya gulu limeneli ngati munthu wafika nthawi yabwino.

Ngati wina wamwa paracetamol wambiri, mwangozi kapena mwadala, pitani naye tsiku lomwelo ngakhale akunena kuti ali bwino. Mankhwala oteteza chiwindi amagwira bwino ntchito akaperekedwa maola 8 asanathe. Amene akumwa brufen, diclofenac kapena indosidi akaona chimbudzi chakuda ngati phula la pamsewu, kusanza magazi, kutupa mapazi kapena mkodzo kuchepa, asiye kumwa ndipo apite kuchipatala. Kutupa nkhope, zidzolo thupi lonse, kubanika kapena kugwa ngati wakhunyu nazonso sizidikira mawa.

Pempho langa

Kwa anamwino ndi madokotala a mbali zonse ziwiri, tikudziwa kuti ntchito ndi yambiri ndipo mizere ndi yaitali. Komabe tikupempha kuti musanalembe mufunse ngati wodwala walandira kale mankhwala kwina, ndipo malangizo muwafotokoze m'Chichewa. Agogo a kumudzi akangogwedeza mutu pa Chipwitikizi kapena pa Chingerezi sizitanthauza kuti amva.

Kwa mafumu ndi anyakwawa athu, inu mukudziwa amene amayala mapiritsi pa tsiku la msika. Mawu anu pa bwalo ndi pa maliro amamveka kuposa athu a pa wailesi. Chonde chenjezani anthu anu, makamaka za makapisozi ogulitsidwa kwa anyamata ngati opatsa mphamvu.

Kwa amayi ndi abambo, lero lomwe tsegulani kachikwama kapena kambale komwe mumasungira mankhwala. Alionse omwe simukudziwa dzina lake, mwini wake kapena tsiku lake lothera, apatuleni mukawasiye kuchipatala pa ulendo wotsatira. Ndipo inu a magulu omvera wailesi, werengani tsamba lino mokweza pa msonkhano wanu kuti osadziwa kuwerenga amve nawo. Mafunso omwe atuluke tibweretsereni, ndipo tidzaitana wa zaumoyo kuti adzayankhe pa pologalamu.